Tembenuzani botolo musanadzole kunkhope

Mawu akuluakulu olembedwa kutsogolo kwa botolo ndi a wogulitsa. Amalonjeza nkhope yosalala, yowala, yopanda banga, zonsezo m'masiku ochepa. Mawu amene ali ndi ntchito kwa inu ali kumbuyo, m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa mutu wakuti Ingredients, pamene pali mndandanda wa zinthu zimene athiramo. Ine botolo lililonse ndimayambira kumeneko, ndipo ndikufuna nanunso muzolowere kutero. Mayinawo amaoneka ovuta, koma ndi omweomwewo amene amabwerezedwa m'mabotolo ambiri, moti mukangodziwa angapo simungagulenso chinthu mongoganizira.

Mndandandawo uli ndi lamulo lake. Chimene chachuluka kwambiri chimalembedwa poyamba, kenako n'kumatsika motero mpaka kufika pa zinthu zosapitirira 1 peresenti, zomwe wopanga amazilemba mmene wafunira. N'chifukwa chake mabotolo ambiri amayamba ndi aqua, omwe ndi madzi. Pali dzina limodzi lothandiza kudziwa malire: phenoxyethanol, mankhwala oteteza kuti mafutawo asawonongeke. Ku Ulaya saloledwa kupitirira 1 peresenti, choncho chilichonse cholembedwa pambuyo pake n'chochepa ndithu. Ngati kutsogolo ajambula duwa lalikulu koma dzina la duwalo mukulipeza kumapeto kwenikweni, dziwani kuti angothiramo kadontho. Komabe si chochepa chilichonse chimene n'chopanda ntchito, pakuti zina monga retinol zimagwira bwino ngakhale zisanakwane 1 peresenti.

Yambani ndi chinyezi

Khungu lapamwamba penipeni linamangidwa ngati khoma: maselo akufa ndiwo njerwa, ndipo pakati pake pali mafuta achilengedwe omata njerwazo. Khomalo likakhala lolimba, madzi sathawa msanga ndipo zoyabwitsa sizilowa. Likagumuka, nkhope imauma, imatuwa, imasendeka, ndipo chilichonse chimene mwadzola chimaluma. Anthu ambiri amene amadandaula kuti khungu lawo silifuna chilichonse, vuto lawo lagona pamenepa, ndipo mankhwala amphamvu sangawathandize khomalo lisanakonzeke.

Glycerin amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu. Ndi wakalekale, alibe mbiri yokopa, koma ine ndikamuona pa nambala yachiwiri kapena yachitatu pamndandanda mtima umakhala m'malo. Hyaluronic acid, amene kawirikawiri amalembedwa kuti sodium hyaluronate, amagwira ntchito yomweyo. Onse awiriwa adzoleni nkhope ikadali yonyowa pang'ono mukangosamba, kuti apeze madzi ogwira. Ceramide ndi mbali ya mafuta omata njerwa aja, ndipo pafupifupi theka la mafutawo ndi iyeyo, choncho mukamudzola mukubwezera chimene khungu lataya. Squalane ndi shea butter amafewetsa. Pamwamba pa zonse pali petrolatum, amene ambiri timamudziwa ndi dzina lakuti Vaseline, lomwe Robert Chesebrough analiyambitsa m'zaka za m'ma 1870. Iyeyu sawonjezera madzi, amangotseka kuti omwe alipo asathawe, ndipo pa ntchito imeneyi palibe womuposa. Pankhope youma ndi yong'ambika ndi wabwino kwambiri usiku. Pankhope yamafuta amalemera, ndiye sankhani mafuta okhala ndi dimethicone, amene amatseka mopepuka.

Zosambira ndinenapo pang'ono chabe. Khungu labwinobwino limakhala ndi pH (muyezo wa asidi, umene nambala yake imatsika asidi akachuluka) ya cha m'ma 5, pomwe sopo wamba amafika 9 kapena 10, ndipo amachotsa mafuta ofunika aja pamodzi ndi litsiro. Sodium lauryl sulfate amachita thovu lambiri koma amaumitsa. Kuyesa kwake n'kosavuta: mukasamba n'kudzipukuta, yesani kumwetulira. Ngati masaya akukokeka, chosambiracho n'chaukali. Alcohol denat akakhala pamwamba pamndandanda amaumitsanso, koma cetyl alcohol ndi cetearyl alcohol musawaope, iwowa amafewetsa. Parfum kapena fragrance ndi zonunkhiritsa basi, khungu silipindula nazo kanthu, ndipo ndi zina mwa zimene zimayabwitsa anthu ambiri.

Ziphuphu

Chiphuphu chimayamba kabowo ka pakhungu kakatsekeka ndi mafuta komanso maselo akufa. Mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes amaswana mmenemo, pamalopo n'kutupa. Salicylic acid amasungunuka m'mafuta, choncho amalowa mpaka m'kabowomo n'kumasula zimene zatseka. Ndi woyenera timitu takuda ta pamphuno ndi timatotupa tating'ono ta pachipumi, ndipo amagulitsidwa pakati pa 0.5 ndi 2 peresenti. Ndi wachibale wa aspirin, ndiye amene thupi lawo limadana ndi aspirin asamugwiritse ntchito. Ziphuphu zofiira, zopweteka, zamafinya zimafuna benzoyl peroxide, amene amapha mabakiteriyawo. Alipo wa 2.5, wa 5 ndi wa 10 peresenti. Tengani wa 2.5, chifukwa amagwira pafupifupi mofanana ndi wa 10 koma sawotcha khungu kwambiri. Chenjerani ndi nsalu: mukapukutira manja pathaulo lobiriwira, pakapita masiku mupeza mawanga otuwa pamene panakhudza zala, ndipo sachoka. Pilo wanu mumuveke nsalu yoyera.

Mawanga akuda, pamene ambiri amavulalira

Kwa ife akhungu lakuda, chiphuphu chimatha msanga koma banga lake limatsala miyezi. Chifukwa chake n'chakuti khungu likapsa, likatupa kapena likakandika, maselo opanga melanin, utoto umene umapatsa khungu mtundu wake, amatulutsa utoto wochuluka pamalopo. Ndiye chilichonse chimene chikuvutitsa khungu chikubala banga latsopano: kufinya ziphuphu, kukwecha nkhope mwamphamvu ndi zokhakhala, kupaka madzi a ndimu, kuika mankhwala otsukira mano pachiphuphu. Ndikamva wina akunena kuti kuwawa ndiye chizindikiro chakuti mankhwala akugwira, ndimadandaula, chifukwa pakhungu lakuda kuwawa kumeneko mawa kudzaoneka ngati banga.

Wofatsa kwambiri ndi niacinamide, mtundu wa vitamini B3. Amachepetsa kufalikira kwa utoto m'maselo, amachepetsa mafuta, ndipo amalimbitsa khoma lija. Pakati pa 2 ndi 5 peresenti ndi wokwanira. Wa 10 peresenti ena amawayabwa popanda phindu lowonjezera looneka. Azelaic acid, wa 10 mpaka 20 peresenti, amalimbana ndi ziphuphu ndi mawanga nthawi imodzi, ndipo ndi mmodzi mwa ochepa amene madokotala amalola amayi oyembekezera kudzola. Vitamini C, wolembedwa kuti ascorbic acid, amathandiza mawanga akakhala pakati pa 10 ndi 20 peresenti, koma sachedwa kuwonongeka ndi mpweya komanso kuwala. Watsopano amakhala woyera kapena wachikasu pang'ono. Mukadonthetsera pachikhatho n'kuona kuti wasanduka wofiirira, watha ntchito, mutayeni. Gulani wa m'botolo lakuda lotsekeka bwino.

Glycolic acid, amene amapezekanso mu nzimbe, ndi lactic acid, wopezeka mu mkaka wosasa, amamasula maselo akufa kuti achoke msanga. Glycolic amalowa kwambiri ndipo amaluma, lactic ndi mandelic acid ndi ofatsirapo. Kunyumba musapitirire 10 peresenti, kamodzi kapena kawiri pamlungu, usiku. Mukawadzola khungu limapsa msanga ndi dzuwa.

Tsopano pali atatu amene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti muwathawe, omwe amabisala m'mafuta oyeretsa khungu. Woyamba ndi hydroquinone. Mayiko a European Union anamuletsa m'zodzoladzola mu 2001. Madokotala amamulembabe kwa miyezi yochepa akuyang'anira, koma munthu akamudzola yekha kwa nthawi yaitali amatha kudwala ochronosis: masaya amada mobiriwira, kuposa mmene analili poyamba, ndipo kuchira kwake n'kovuta kwambiri. Wachiwiri ndi mercury, amene amalembedwa kuti calomel, mercurous chloride kapena dzina lina loyamba ndi mercur. Amalowa m'magazi, amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba. Pangano la mayiko la Minamata la 2013 linaika zodzoladzola zokhala ndi mercury m'gulu la zinthu zoyenera kuthetsedwa, koma zikugulitsidwabe mobisa. Wachitatu ndi ma steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala a matenda a khungu, oyenera kudzola masiku owerengeka dokotala atalamula. Akadzoledwa kunkhope miyezi yambiri khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, ziphuphu zimabuka, ndipo tsiku limene mwasiya nkhope imayaka. Ngati mwakhala mukudzola zoterezi kwa nthawi yaitali, musachite manyazi, pitani kwa dokotala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono. Mafuta amene alibe mndandanda kumbuyo, kapena osakanizidwa ndi munthu m'kabotolo kopanda dzina, asiyeni pomwepo. Banga ndi chinthu choti n'kuchiza, koma mtundu wa khungu umene munabadwa nawo si matenda.

Retinol ndi abale ake

Onsewa ndi a m'gulu la vitamini A, ndipo ndi amene afufuzidwa kwambiri pa nkhani ya ziphuphu ndi makwinya. Tretinoin anavomerezedwa ku America mu 1971 monga mankhwala a ziphuphu, ndipo amafuna kalata ya dokotala. Adapalene wa 0.1 peresenti ndi wofatsirapo. Retinol ndi wofooka kuposa onsewa chifukwa khungu liyenera kumusintha kaye asanayambe kugwira, koma kwa woyamba kumene ndi poyambira pabwino. Amafulumizitsa kusinthana kwa maselo ndipo amalimbikitsa khungu kupanga collagen, chimene chimalimbitsa khungu.

Kadzoledwe kake ndiye nkhani. Usiku, mutasamba, dikirani nkhope iume ndithu. Finyirani kadontho kamodzi kakang'ono pansonga ya chala, kameneko n'kokwanira nkhope yonse. Kagaweni pachipumi, m'masaya ndi pachibwano, mulambalale zikope, m'mbali mwa mphuno ndi m'mphepete mwa milomo. Pamwamba pake dzolani mafuta ofewetsa. Yambani ndi masiku awiri pamlungu, ndipo muwonjezere pokhapokha khungu likazolowera. Milungu yoyamba nkhope imatha kusendeka, ziphuphu n'kuoneka ngati zawonjezeka; kusintha kwenikweni kumabwera pakatha milungu pafupifupi 12. Usiku umene mwadzola retinol musadzolenso glycolic acid. Ndipo mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, asayandikire gulu lonseli.

Dzuwa

Zonse ndanenazi zimapita pachabe ngati masana nkhope ili pamtetete. Melanin amatiteteza ndithu kuti tisapse msanga, koma banga lililonse likawombedwa ndi dzuwa limada kwambiri. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha dzuwa chowotcha khungu chotchedwa UVB, a SPF 50 pafupifupi 98, choncho 30 ndi wokwanira bola alembe kuti broad spectrum, kutanthauza kuti akutchinganso UVA, mtundu wina wa cheza cha dzuwa. Zinc oxide ndi titanium dioxide ndi ofatsa pakhungu losachedwa kuyabwa, koma amasiya kutuwa pankhope yakuda. Okhala ndi avobenzone ndi anzake satuwitsa, ngakhale ena amaluma m'maso mukatuluka thukuta. Amene athiramo iron oxides amakhala ndi mtundu wofanana ndi khungu, ndipo amathandiza kwambiri anthu a mawanga. Muyezo wake ndi mizere iwiri, kuchokera patsinde mpaka kunsonga ya zala ziwiri, ya nkhope ndi khosi. Mukakhala panja, bwerezani pakatha maola awiri. Kwa anthu achialubino mafuta amenewa ndi oteteza moyo ku khansa ya pakhungu, ndipo iwo amafunika SPF 50 pamodzi ndi chipewa chachikulu.

Mukagula chatsopano, musathamangire kunkhope. Pakani pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono, kawiri patsiku kwa mlungu wathunthu, muone ngati patuluke zidzolo kapena kuyabwa. Yambitsani chinthu chimodzi chokha, n'kudikira milungu iwiri kapena itatu musanawonjezere china, kuti chikakuvutani mudziwe kuti ndi chiti. Podzola, zamadzimadzi zimayamba, zolemera zimatsatira, ndipo m'mawa mafuta a dzuwa ndiwo omaliza. Yang'ananinso kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M: imeneyo ndi miyezi imene mafutawo amakhala abwino kuchokera tsiku limene mwatsegula, ndiye lembani tsikulo pabotolo.

Ziphuphu zikuluzikulu zamkati zosiya zipsera, zimene sizikusintha patatha miyezi itatu mukudzola mokhulupirika, sizitha ndi za m'botolo, zimafuna mankhwala akumwa ochokera kwa dokotala. Chimodzimodzi kadontho ka pakhungu kamene kakukula, kakusintha mtundu, kapena kachilonda kosapola: kameneko musapakepo chilichonse, kakaonetseni kuchipatala.