Mphenzi ikagwera pa mlongoti, ipeze njira yotsikira m'madzi

Asodzi a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka amene mumayenda ndi thanga, nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo imandidetsa nkhawa chifukwa cha inu. Pakati pa nyanja palibe mtengo kapena nyumba. Chachitali ndi mlongoti wanu basi, ndipo mphenzi imafuna chachitali. Ikamenya mlongoti wonyowa, madzi a m'kati mwa mtengowo amawira nthawi yomweyo, mtengo n'kung'ambika, moto n'kulumphira munthu amene wakhala pafupi kapena kuboola thabwa la pansi.

Kuiletsa kugwa sitingathe, koma tingathe kuilambulira njira.

Pansonga pa mlongoti mangani kandodo ka kopa kopitirira pamwamba ndi masentimita osachepera 15. Kuchokera pamenepo tsitsani waya wa kopa wa 25 mm², wonenepa ngati pensulo. Waya wa sola kapena wa wailesi ayi, umangosungunuka. Wayayo atsike mowongoka, chifukwa pamene mwamukhotetsa kwambiri ndi pamene mphenzi imachokera n'kulumphira pambali.

Kunsi kwa boti ndi kumene ambiri amaphonya. Maboti a m'nyanja zamchere amakhoma kachitsulo ka kopa ka masentimita 30 mbali zonse n'kukwana. Madzi athu alibe mchere, salandira magetsi msanga, ndiye kachitsulo kotere kamachepa. Pezani lamba wa kopa wa mamita 3 kapena 4, mumukhome kunja kwa boti, pamalo pomira nthawi zonse ngakhale mphepo italipendeketsa. Waya uja mumulumikize ku lambayo, ndipo lambayo musamupake penti. Misomali ikhalenso ya kopa, poti yachitsulo ikakumana ndi kopa m'madzi imadyeka msanga. Ndinaonapo boti lina padoko, waya wabwinobwino, koma polumikiza anangopota ndi manja, pali pobiriwira ndi dzimbiri, ndipo nditakoka pang'ono anasololoka. Pamenepo pamafunika bawuti yothina, ndipo muzipapala ndi kupayang'ana mvula isanayambe.

Ngakhale mwachita zonsezi, mverani zolengeza za a zanyengo musanalowe. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke: masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, tsitsani thanga, lunjikani kumtunda. Ikakupezani pakati, khalani pansi m'boti, kutali ndi mlongoti ndi waya uja, manja ndi miyendo zisakhudze madzi kapena injini.

Mnzanu akawombedwa, musaope kumugwira, thupi lake silisunga magetsi. Ngati sakupuma, yambani kumupsinya pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, ena akupalasa kulowera kumtunda kuti mukafike naye kuchipatala.