Musanagule kamera yolowa m'thumba, iyeseni kaye m'manja

Munthu akandifunsa kuti agule kamera yaing'ono iti ya mtengo wofikirika, ndimayamba ndamufunsa kuti foni yake ikumukanika kujambula chiyani. Si chipongwe ayi. Foni za masiku ano zimajambula bwino zinthu zapafupi kunja kukuwala, ndipo ndi zimene zinagwetsa msika wa makamera. Mu 2010 makampani akuluakulu a ku Japan anatumiza pamsika makamera oposa 120 miliyoni, koma pofika 2020 sankafikanso ngakhale 10 miliyoni, ndipo kampani ya Casio inasiyiratu kupanga makamera aang'ono mu 2018. Choncho mukamatulutsa ndalama, kamerayo ikupatseni chimene foni ilibe.

Kwa ambiri chimenecho ndi kukoka chinthu chakutali: mwana ali pakati pa bwalo la mpira, kapena mbalame yatera pamwamba pa mtengo. Apa pali mawu awiri amene ogulitsa amakonda kuwasakaniza. Optical zoom ndi pamene magalasi a m'kati mwa lenzi amasuntha n'kukokadi chinthucho, chithunzi n'kutuluka chakuthwa. Digital zoom ndi kungodula kachigawo ka chithunzi n'kukatambasula, zomwe foni yanu imachita kale. Pabokosi pakalembedwa 16x digital zoom, optical osatchulidwa, ibwezeni pashelefu.

Za ma megapixel (MP), muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, musazitengere kumtima. Chithunzi cha mu alubamu, cha masentimita 10 ndi 15, chimatsukika bwino ndi ma megapixel 2 okha, ndipo chodzaza pepala la A4 chimafuna pafupifupi 9. Kamera ya 12 kapena 16 yakukwanirani kale. Chimene chimasiyanitsa zithunzi ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala kamene kali kuseri kwa lenzi. Makamera ambiri otchipa, monga a Canon IXUS ndi ena a Nikon Coolpix, ali ndi sensa yolembedwa 1/2.3, ya mamilimita pafupifupi 6 ndi 4.5, yosafika ngakhale chikhadabo cha kachala kakang'ono. Masana imagwira ntchito yake bwinobwino. Dzuwa likalowa, kapena mukamajambula m'nyumba, chithunzi chimadzaza timadontho ngati mwawazapo mchenga.

Sensa yotchedwa ya inchi imodzi ndi ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, malo ake ndi aakulu kuwirikiza kanayi, motero imakolola kuwala kochuluka. Sony RX100 ya mu 2012 ndi Canon PowerShot G7 X ya mu 2014 zili ndi sensa yotere, komanso lenzi yotseguka mpaka f/1.8 (nambala ya f ikachepa, ndiye kuti khomo la kuwala lakula). Koma simungapate zonse m'kamera imodzi. Ziwirizi zimangokoka mozungulira 4x, pamene makamera ambiri a Panasonic Lumix TZ amafika 30x koma ndi sensa yaing'ono ija, ndipo mukawakoka mpaka kumapeto amafuna dzuwa lenileni. Wojambula maphwando a madzulo ndi nkhope za anthu atsate sensa yaikulu. Wojambula zakutali masana atsate zoom. Aliyense mwa awiriwa aonetsetse kuti kamera ili ndi choletsa kugwedezeka, chimene Canon amachitcha IS, Nikon VR, Panasonic O.I.S. ndipo Sony SteadyShot, chifukwa mukakoka kutali ngakhale kupuma kwanu kumagwedeza chithunzi.

Ndichenjezepo za timakamera topanda dzina lodziwika timene tadzaza pa intaneti, tolembedwa 48MP ndi 4K m'zilembo zikuluzikulu. Tambiri tili ndi sensa yochepa ndi lenzi yosasuntha, ndipo nambala yaikuluyo imabwera chifukwa pulogalamu ya m'kati imangofufumitsa chithunzi. Kwa ine kamera ya kampani yodziwika imene yagwirapo ntchito zaka zingapo imaposa kutali katsopano kotere.

Kungoti kugula yogwiritsidwapo kale ntchito kumafuna maso. Iyatseni ndi kuizimitsa kangapo, khutu lili pafupi. Lenzi izituluka ndi kubwerera mosalala. Ikamachita kwee-kwee kapena kuima panjira, mwalowa mchenga kapena inagwapo, ndipo kukonzetsa kwake nthawi zambiri kumaposa mtengo wa kamerayo. Kenaka unikani m'lenzi ndi tochi ya foni chammbali. Fumbi pang'ono si nkhani, koma mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku chobwera ndi chinyezi, ndipo chimafalikira. Mukatero kokani zoom mpaka kumapeto, mujambule khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo, n'kukulitsa chithunzicho pa sikirini. Banga lakuda likamaoneka pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse ndiye kuti fumbi lili pa sensa, ndipo m'kamera yaing'ono simungalipukute osaimasula yonse. Jambulaninso nkhope ya munthu m'chipinda, kamodzi ndi flash kamodzi popanda, muone ngati kamera ikugwira maso msanga kapena ikungosakasaka. Wogulitsa amene akukana kuti muyese zimenezi, musiyeni ndi katundu wake.

Batire liyang'aneni polichotsa. Likakhala lotupa, lotuluka movutikira, latha. Makamera ambiri aang'ono amajambula zithunzi pakati pa 200 ndi 300 batire lisanathe, choncho lachiwiri n'lofunika, ndipo fufuzani ngati mtundu wakewo ukupezekabe pamodzi ndi tchaja chake. Makamera ena amayendera mabatire wamba a AA. Amakhala okhuthalirapo m'thumba, koma pa ulendo wautali sakugwiritsani mwala.

Khadi losungira zithunzi ndi limene limapunthwitsa anthu akafika kale kunyumba. Makamera akale a Olympus ndi Fujifilm ankagwiritsa ntchito khadi la xD, a Sony Memory Stick, ndipo makhadi amenewa ndi osowa tsopano. Sankhani yolandira SD, koma muwerengenso bwino: yakale kwambiri imangowerenga khadi la 2GB kutsika m'munsi, ya SDHC imalekezera pa 32GB, ndipo makhadi a 64GB kupita m'mwamba amafuna kamera yolembedwa SDXC. Popita kokagula tengani khadi lanu ndi kuliyeseramo pomwepo. Pa ndalama zimene mwakonza, siyaniko zochepa za kachikwama kokhala ndi zipi, chifukwa ulusi ndi fumbi la m'thumba la thalauza, pamodzi ndi makiyi, ndi zimene zimamanga lenzi ndi kukanda sikirini.