Kuyatsa kanyali koyamba ndi Arduino Uno

Achinyamata a kuno ku Ulongwe akandifunsa poyambira, ndimawauza kuti apeze Arduino Uno (kabolodi kamagetsi komwe kamatsatira malamulo omwe mwalemba pa kompyuta), chingwe cha USB, kanyali ka LED kamodzi ndi resistor ya 220 ohms (kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku LED). Zina zonse zidikire kaye.

Ikani Arduino IDE, pulogalamu yolembera malamulo ndi kuwatumiza ku bolodi, pa kompyuta, ndi yaulere. Lumikizani bolodi, musankhe Uno ndi port yake pa Tools. Mabolodi ambiri otchipa ali ndi CH340, kachipangizo kolumikizira bolodi ndi USB, ndiye kompyuta ikapanda kuliona bolodilo, ikani driver yake (kapulogalamu kothandiza kompyuta kulizindikira) musanaganize kuti lafa.

Tsegulani Blink, pulogalamu yachitsanzo yophethiritsa kanyali, mu Examples, mudine Upload. Kanyali ka pabolodi, kolumikizidwa ku pin 13, kayamba kuphethira. Tsopano sinthani 1000 ya mu pulogalamuyo, yomwe ndi sekondi imodzi, ikhale 200, muone kakufulumira. Apa ndimafuna muchedwepo ndithu, muzisinthasintha mpaka mukhutire kuti nambala yomwe mwalembayo ndiyo ikulamula kanyaliko. Kenako lowetsani LED yanu: mwendo wautali ku pin 13 kudzera pa resistor, waufupi ku pin yolembedwa GND.

Chonde, batire la sola la 12V lisakhudze pin ya 5V, bolodi lipsa. Ndipo inu amene mukulakalaka kuthirira mbatatesi kudimba, pampu siyendetsedwa ndi pin mwachindunji, pakati pamafunika relay, switch yomwe pin imayatsa ndi kuzimitsa.