Momwe Mungawerengere Mphamvu ya Plazimoni mu Aluminiyamu

M'zitsulo zambiri maelekitironi akunja kwa atomu sakhala omangika pamalo amodzi, koma amayendayenda m'chitsulo chonse, monga momwe Paul Drude anafotokozera mu 1900. Akakankhidwa onse pamodzi, maayoni otsala (maatomu omwe ataya maelekitironiwo) amawakoka kuti abwerere, iwo n'kupitirira malo awo, kenako n'kuyamba kugwedezeka mogwirizana. Kachigawo kochepetsetsa ka mphamvu ya kugwedezeka kumeneku ndi komwe David Pines anakatcha plazimoni mu 1956, ndipo kukula kwake mukhoza kukupeza ndi kalikuleta ya kusukulu.

Choyamba, pezani kuchuluka kwa maelekitironi omasuka, komwe timakuimira ndi chilembo n. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amaphonyera, choncho musathamange. Sentimita imodzi ya kiyubiki ya aluminiyamu imalemera magalamu 2.70, pomwe mole imodzi (mulu wa maatomu okwana nambala ya Avogadro) imalemera magalamu 26.98. Gawani 2.70 ndi 26.98, ndipo zomwe mwapezazo muzichulukitse ndi nambala ya Avogadro, 6.022 × 10²³. Mupeza maatomu pafupifupi 6.03 × 10²². Popeza atomu iliyonse ya aluminiyamu imamasula maelekitironi atatu, chulukitsani ndi 3, kenako musinthe masentimita kukhala mamita, zomwe zikupatseni n = 1.81 × 10²⁹ pa mita ya kiyubiki. Woiwala kusinthaku amapeza yankho lomaliza lochepa kuwirikiza 1,000.

Chachiwiri, ikani n mu fomula iyi: ω² = ne²/(ε₀m). Apa ω ndi liwiro la kugwedezeka kuja, e ndi chaji ya elekitironi, 1.602 × 10⁻¹⁹ C, m ndi kulemera kwake, 9.109 × 10⁻³¹ kg, ndipo ε₀ ndi nambala yosasintha ya zamagetsi m'malo opanda kanthu, 8.854 × 10⁻¹² F/m. Mukatenga sikweya ruti, ω ikhala pafupifupi 2.4 × 10¹⁶ pa sekondi.

Chachitatu, chulukitsani ω ndi ħ (nambala yosasintha ya Planck yogawidwa ndi 2π), yomwe ndi 6.582 × 10⁻¹⁶ eV·s. Yankho, lomwe ndi mphamvu ya plazimoni, ndi 15.8 eV (eV ndi elekitironivoti, muyezo wa mphamvu zazing'ono kwambiri).

Tsopano yerekezani ndi zomwe zinayezedwa. Mu 1959 asayansi Powell ndi Swan anawombera maelekitironi pa aluminiyamu n'kuyeza mphamvu yomwe anataya, ndipo anapeza 15.3 eV. Kwa ine, n'zodabwitsa kuti fomula yosalabadira n'komwe kasanjidwe ka maatomu ingayandikire chonchi. Nambalayi ikufotokozanso chifukwa chomwe poto watsopano wa aluminiyamu amanyezimirira: kuwala komwe maso athu amaona kuli ndi mphamvu yapakati pa 1.6 ndi 3.3 eV, yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya plazimoni, motero maelekitironi amakubweza m'malo mokulola kudutsa.

Ngati mukufuna plazimoni ya pamwamba pa chitsulo, yomwe Rufus Ritchie analosera mu 1957, gawani yankho lija ndi √2. Mupeza 11.2 eV, pomwe oyeza aja anapeza 10.3 eV.

Chenjerani ndi siliva. Njira yomweyi imapereka pafupifupi 9 eV, koma choyezedwa ndi 3.8 eV, chifukwa maelekitironi amkati, a gulu la d, nawonso amatengapo mbali, ndipo fomula ya Drude siwawerengera.

Fomulayi isagwiritsidwenso ntchito pa zinthu zopyapyala zomwe maelekitironi ake amangoyenda m'litali ndi m'lifupi, monga grafini (kaboni yochindikala ngati atomu imodzi), yomwe Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaipatula ku Manchester mu 2004. Frank Stern anaonetsa mu 1967 kuti m'zinthu zotere ω imakula molingana ndi √q, pomwe q ndi 2π yogawidwa ndi utali wa funde la plazimoni, kutanthauza kuti funde likamatalika mphamvu ya plazimoni imatsikira ku ziro. Choncho musanayambe kuwerengera, sankhani kaye utali wa funde, ndipo n muiwerenge pa mita ya sikweya. Mu grafini kumbukiraninso kuti ω imatsatira n¹ᐟ⁴, osati √n, motero kuti muwirikize ω kawiri muyenera kuchulukitsa maelekitironi ka 16.