Kuphunzitsa galu kutola ndi kubweretsa chinthu osamutopetsa

Galu amene amathamangira mpira kawiri kenako n'kukagona pamthunzi, nthawi zambiri si ulesi ayi. Masewera osasintha amugwetsa ulesi. Chofunika n'kuponya kochepa ndi kumasintha kanthu kamodzi pa ulendo uliwonse.

Yambirani pamalo opanikizika, monga kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda, kuti akatola asowe kolowera koma kwa inu. Ponyani pafupi, mamita 3 kapena 4. Akatola, njutani ndi kumuitana mokondwa. Akafika musamulande msanga: musisiteni kaye chinthucho chili kukamwa, kenako nenani kuti "Siya" uku mukumuonetsa kachidutswa ka chiwindi chowiritsa. Galu wozolowera kulandidwa amayamba kuima patali. Akathawa nacho musamuthamangitse, chifukwa kwa iye kupirikitsana kumakoma kuposa kubweretsa. Tembenukani muthamangire kwina, akutsatirani. Wamakani mumangireni chingwe cha mamita 10 ndipo muzimukoka pang'onopang'ono.

Ponyani katatu mpaka kasanu basi, n'kukabisa chidolecho iye akuchifunabe. Chikamangokhala pabwalo chimatha mtengo.

Akazolowera, yambani kusintha. Lero mpira, mawa sokosi yakale yomangidwa mfundo, mkuja chingwe cholukidwa. Tsiku lina musaponye n'komwe: ikani chinthucho pansi iye akuona, yendani naye mapazi 15, mukhazikeni, kenako mumutume. Apa akugwiritsa ntchito mutu, ndipo mtundawo muziwonjezera pang'onopang'ono.

Masewera okoma koposa ndi ofufuza ndi mphuno. Bisani sokosi mu udzu wofika m'mawondo galu asakuona, ndipo mumuyambitse kumene mphepo ikulowera, kuti fungo lizibwera kwa iye. Muoneni akuyenda mokhotakhota, mchira ukugwedezeka, kenako mutu n'kutembenuka mwadzidzidzi: fungo walipeza. Musamulozere msanga. Akasowa, sunthirani pafupi ndi pamene mwabisa, apeze yekha. Mukatha, mufufuzeni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala.

Musasinthe malo, chinthu ndi mtunda tsiku limodzi. Akalephera simudzadziwa chamusokoneza, ndiye bwererani pamene amachita bwino.

Timitengo tisiyeni, tikazikika pansi galu akuthamanga timamubaya kukhosi. Chitsononkho cha chimanga n'choopsanso, akameza chimatseka matumbo. Mpira ukhale waukulu woti sangaumeze, ndipo wa tenisi wodzaza mchenga umaperepesa mano. Kagalu ka miyezi 4 mpaka 6 kakugulula mano, choncho kapatseni zofewa, kapena kapumitseni kakamalavula. Kamene sikanakhwime mafupa musakadumphitse; gubuduzani mpira pansi. Nyengo yotentha ngati ya Okutobala sewerani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pafupi, ndipo akayamba kupuma wefuwefu lilime lili panja, lekani pomwepo.