Kawerengedwe ka mabuku otsatizana a apolisi ofufuza milandu kwa ife a ku Joni

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku Johannesburg timatha maola ochuluka pamzere wa takisi ku Bree kapena ku Noord, ndipo nthawi imeneyi ndi yokwanira kumaliza buku limodzi pamwezi ngati munthu alinyamula m'chikwama. Mabuku amene andigwira mtima kwambiri ndi a nkhani zopeka za apolisi ofufuza milandu ya kupha ndi katangale, makamaka aja otsatizana, amene wapolisi mmodzi yemweyo amabwereranso m'buku lililonse ndi mlandu watsopano. Mabuku otere ali ndi kawerengedwe kake, pakuti amene amathamangira kutsamba lomaliza kuti adziwe wakupha amataya zambiri zimene wolemba anamukonzera panjira.

Yambani mwasankha wolemba mmodzi ndi wapolisi wake mmodzi, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mukasakaniza nkhani mudzasokoneza maina a mboni ndi a oganiziridwa. Ine ndimalangiza kuti muyambe ndi nkhani zochitikira m'dziko muno, popeza maofesi ndi maudindo amene muwapeze m'bukumo ndi omwewo amene mumawamva pawailesi. Chitsanzo chodziwika ndi mabuku a Deon Meyer, amene amalemba m'Chiafrikaans ndipo amamasuliridwa m'Chingelezi, onena za Benny Griessel, wapolisi wa ku Cape Town amene amalimbana ndi zigawenga uku akulimbananso ndi uchidakwa wake. Mlandu umatha m'buku limodzi, koma moyo wa wapolisiyo, banja lake, kugwa ndi kudzuka kwake, zimapitirira kubuku lotsatira, n'chifukwa chake muyenera kuwawerenga motsata zaka zimene anatuluka. Tsegulani tsamba la kuseri kwa mutu wa buku, muone chaka chimene linasindikizidwa koyamba m'chilankhulo chake, osati chaka cha kumasulira, ndipo muyale mabukuwo motsatira pamenepo.

Mabuku atsopano ndi odula, koma ogulitsa mabuku akale m'misewu yozungulira Park Station amakhala nawo pamtengo wotsika, ndipo malaibulale a mzinda amabwereketsa kwa amene walembetsa. Mukapeza lachitatu musanapeze loyamba, gulani musunge.

Chimene chimalepheretsa owerenga ambiri ochokera kwathu si Chingelezi ayi, koma kusadziwa kuti ofesi iti imachita chiyani. Kwathu tinazolowera kunena kuti a CID kapena a ACB, pomwe kuno mudzakumana ndi SAPS, yomwe ndi polisi yonse, kenaka Hawks, nthambi yofufuza milandu ikuluikulu imene inayamba mu 2009 boma litathetsa Scorpions. Scorpions inali pansi pa NPA, ofesi yozenga milandu ya boma, pamene Hawks ili mkati mwa polisi, ndipo kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa kumasonyeza amene ali ndi mphamvu youza wofufuza kuti asiye mlandu. Palinso IPID, imene imafufuza apolisi eniakewo akalakwa. Mukaona wapolisi wa m'nkhani akubisira bwana wake umboni, musaganize kuti wolemba wakokomeza: Jackie Selebi, amene anali mkulu wa polisi yonse ya South Africa komanso mtsogoleri wa Interpol, bungwe logwirizanitsa apolisi a maiko osiyanasiyana, anapezeka wolakwa pamlandu wa ziphuphu kubwalo lalikulu la kuno ku Johannesburg mu 2010, ndipo analamulidwa kukhala kundende zaka 15.

Dziwaninso malamulo awiri kapena atatu amene amayendetsa changu cha nkhani. Munthu akamangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, choncho wofufuza akamathamanga usiku wonse kufunafuna umboni, ndiye kuti akupikisana ndi nthawi imeneyi. Chilango cha imfa chinathetsedwa kuno mu 1995, ndipo milandu imagamulidwa ndi woweruza, osati gulu la anthu wamba monga mumaonera m'mafilimu a ku America. Mawu akuti docket mudzakumana nawo pafupipafupi: ndi fayilo ya mlandu, momwe mumakhala zonena za mboni, lipoti la dokotala wopima mtembo ndi zolemba za tsiku ndi tsiku za wofufuza. M'nkhani za katangale, docket ikasowa kapena ikasamutsidwira kwa wapolisi wina popanda chifukwa, imani kaye pamenepo mufunse kuti wapindula ndani.

Kenaka pezani kakope kakang'ono ndi cholembera. Ena amati kutero n'kusandutsa chisangalalo kukhala sukulu, koma ine ndaona kuti apa ndi pamene kukoma kumayambira. Patsamba limodzi lembani dzina la munthu aliyense akangotulukira, ntchito yake, ndi chimene wanena kuti ankachita pa nthawi ya imfa. Patsamba lina lembani ndalama iliyonse yotchulidwa, kaya ndi tenda ya boma, ngongole, galimoto yodula imene mwini wake sangaikwanitse ndi malipiro ake, kapena kampani yolembetsedwa m'dzina la mlamu. Wolemba waluso sakubisirani umboni, amangouika pamalo pamene maso anu atanganidwa ndi zina, monga pakati pa mkangano wa wapolisi ndi mkazi wake, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafika pakati pa buku, lembani dzina la amene mukumuganizira pamodzi ndi chifukwa chake, kenaka musalifufute ngakhale mutasintha maganizo, kuti pamapeto mubwerere mukaone pomwe wolemba anakusocheretsani.

Tsamba la ndalama ndilo ndimalisamala kuposa linalo, chifukwa m'nkhani zotere wogwira mfuti kawirikawiri amakhala wotumidwa chabe, ndipo funso lenileni ndi lakuti anamulipira ndani. Izi si za m'mabuku mokha. Babita Deokaran, mkulu wa zachuma ku nthambi ya zaumoyo ya Gauteng, anawomberedwa pakhomo pake kumwera kwa Johannesburg pa 23 Ogasiti 2021, atadzutsa nkhani ya malipiro okayikitsa a chipatala cha Tembisa, ndipo mu 2023 amuna 6 anavomera mlanduwo, koma funso la amene anawatuma linatsala. Ife a ku Malawi timakumbukira Cashgate ya 2013, komanso imfa ya Issa Njauju wa ku ACB mu 2015. Wowerenga amene akudziwa zimenezi sawerenga imfa ya mboni ya m'nkhani yopeka mopepuka, ndipo amamvetsa chifukwa chake wapolisi woona mtima amaoneka wosungulumwa chotero. Ngati mukufuna kumvetsa maziko a mabuku olembedwa m'zaka zaposachedwapa, werenganiko pang'ono za komiti ya Zondo yofufuza katangale m'boma la South Africa, imene inayamba kumva maumboni ku Parktown mu 2018 n'kupereka lipoti lomaliza mu 2022.

Ndinenepo kuti mabuku ena amafotokoza zilonda ndi mitembo mwatsatanetsatane. Ngati munaberedwapo ndi mfuti m'misewu ya mzinda uno, kapena munataya mbale wanu mwa njira yotere, palibe cholakwika kudumpha masamba amenewo kapena kulisiya bukulo kufikira mtima utakhazikika.

Mukamaliza buku, musalowe lotsatira tsiku lomwelo. Bwereketsani kwa mnzanu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito, ndipo mugwirizane kuti palibe woulula mapeto kwa amene sanafike. Pokambirana, yesani kufotokoza mlandu wonse m'Chichewa, kuyambira pamene mtembo unapezeka mpaka pamene wolakwa anagwidwa, chifukwa pamene lilime lanu likakamira ndi pomwe simunamvetse, ndipo muyenera kubwerera kumutu umenewo. Buku lalitali kwambiri mulisungire ulendo wa kumudzi wa Disembala: kuchokera ku Park Station kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukafika ku Mwanza pali nthawi yokwanira kulimaliza, bola munyamule katochi ka usiku, ndipo kakope kaja kakhale m'thumba la malaya, osati m'katundu wa pansi pa basi.