Musanagamule za chimbale, chimveni chonchi

Mkangano wa zimbale sutha pakati pa Amalawi a muno mu Harare. Wina akuti chatsopanochi n'chamoto, wina akuti n'chozizira. Mukawafunsa kuti achimva kangati, mupeza kuti amva nyimbo ziwiri zokha, nazonso mu kombi (minibasi) yochoka ku Mufakose kupita ku Copacabana, injini ikulira, kondakitala akuitana anthu. Kuti maganizo anu pa chimbale cha rock, indie, sungura (nyimbo zovina za magitala za ku Zimbabwe) kapena reggae akhale ndi poimira, pali ntchito yoyamba kuchita.

Yambani ndi fayilo yeniyeniyo. MP3 ya 128 kbps (nambalayi ikachepa, ndiye kuti fayilo yafinyidwa kwambiri) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi iliyonse, pomwe ya 320 kbps imadya 2.4 MB. Ndiye kuti chimbale cha mphindi 45 chiyenera kukhala cha 43 MB kapena 108 MB. Mukaona nyimbo ya mphindi zisanu ili ndi 2 MB yokha, dziwani kuti inafinyidwa kwambiri, monga zimakhalira ndi zambiri zomwe amakopera anthu pa memory card m'tauni. Zoyamba kuwonongeka ndi mawu opyapyala: hosho ndi zitsulo zapamwamba pa ng'oma zimamveka ngati madzi akuthiridwa m'mafuta otentha. Umenewo si mlandu wa oimba.

Sipika ya foni isiyeni. Kachipangizo kameneko sikatulutsa mawu a besi, ndipo sungura ya Alick Macheso yopanda besi ili ngati ndiwo zopanda mchere. Rock nayonso imayenda pa besi ndi ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi. Valani mahedifoni, makutu onse awiri. Kugawana ndi mnzanu, iye khutu limodzi inu limodzi, kumabisa theka la nyimbo, chifukwa zimbale zambiri za rock za m'ma 1960 ndi 1970 zinkaika gitala kumanzere, limba kapena mawu kumanja. Zimitsani bass boost ndi equalizer, zomwe zimasintha kamvekedwe ka nyimbo, kuti mumve zomwe zinatuluka mu situdiyo. Voliyumu ikhale pakatikati, ndipo poyerekeza zimbale ziwiri ikhale yofanana, popeza khutu limanyengeka: chokwera mawu chimamveka ngati chokoma kuposa chinzake.

Shuffle, yomwe imasokoneza ndondomeko ya nyimbo, nayo muzimitse. Nyimbo pachimbale sizimangounjikidwa. M'nthawi ya malekodi, mbali imodzi inkanyamula mphindi pafupifupi 22, n'chifukwa chake zimbale zambiri za rock za m'ma 1970 zimatha pa mphindi 40 mpaka 45. Oimba ankayamba mbali iliyonse ndi nyimbo yamphamvu, ndipo yofatsa kawirikawiri ankaiika kumapeto kwa mbaliyo, poti singano ikayandikira pakati pa lekodi mawu okwera amayamba kusweka. The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd, cha 1973, nyimbo zake n'zolumikizana, ina kulowa mwa inzake. Mukazisokoneza mwadula mchombo wa chimbalecho. Chenjeraninso ndi flash, kachipangizo kosungira mafayilo: makina ena amasanja nyimbo potsata zilembo za mayina ake, choncho onani ndandanda yapachikuto n'kuika manambala 01, 02, 03 kutsogolo kwa mafayilo.

Kumvetsera kukhale katatu, masiku osiyana.

Koyamba khalani pansi, foni ili yodzaza moto kuti magetsi akathima zisakudukireni panjira, ndipo mumve kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadumpha, osalemba, osawerenga zomwe ena anena. Apa mukungofuna kudziwa pomwe mtima wanu unadzuka ndi pomwe munayamba kuganiza za mtengo wa tomato ku Mbare Musika.

Kachiwiri ndiye ntchito yeniyeni. Tengani pepala ndi cholembera, ndipo pa nyimbo iliyonse sankhani chida chimodzi choti muchitsate kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Nyimbo yoyamba tsatani besi yokha, yachiwiri ng'oma, yachitatu gitala yotsogolera. Chilichonse chokugwirani mtima kapena chokunyansani chilembeni ndi nthawi yake: "nyimbo 4, 2:35, ng'oma zasiya, kwatsala mawu ndi gitala." Dzifunseni ngati woimba ng'oma akukoka nyimbo kapena akungoitsatira m'mbuyo, ngati kolasi ikabwera kachitatu yasinthako kanthu, ngati gitala ikuyankhana ndi woimba kapena ikungodzionetsera. Pa sungura musaweruze mphindi zitatu zoyamba. Nyimbo zake zimafika mphindi 8 kapena 10, ndipo nthawi zambiri chapakati magitala amasintha mayendedwe kulowa gawo lovina. Wodumpha msanga wadya msuzi, nyama waisiya mumphika.

Kachitatu chimveni mukuchapa, mukuyenda, kapena mu kombi momwemo. Pakatha sabata, onani nyimbo yomwe ikukubwererani pakamwa yokha.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa muyeso. Mtundu uliwonse wa nyimbo uli ndi zomwe ukufuna kukwaniritsa. Dzina loti indie linachokera pa oimba otulutsa zimbale kudzera m'makampani ang'onoang'ono oima paokha, ndipo ambiri mwa iwo amasiya dala mawu okhakhala, ngati ojambulidwa m'chipinda chogona. Gitala yonyenyeka mawu pa Africa, chimbale cha 1975 cha gulu la ku Zambia la Amanaz, si sipika yong'ambika. Ndi kachipangizo ka fuzz komwe woimba amaponda mwadala. Kusiyanitsa dala ndi vuto n'kosavuta: ngati yonyenyeka ndi gitala yokha pomwe mawu a woimba ndi ng'oma zili zoyera, anafuna choncho. Koma ngati nyimbo yonse ikuthetheka paliponse pomwe ng'oma yamenyedwa, ndiye kuti pomalizitsa chimbalecho anakweza mawu kupyola malire. Death Magnetic cha Metallica, cha 2008, chinadandaulitsa okonda gululo pa chifukwa chomwechi.

Kusalala nakonso si umboni wa ubwino. A Bhundu Boys, gulu la ku Zimbabwe, anatchuka ku Britain ndi Shabini, cha 1986, nyimbo zojambulidwa ku Shed Studios muno mu Harare. Chaka chotsatira anatulutsa True Jit pansi pa kampani yaikulu ya WEA, chojambulidwa ndi ndalama zambiri, chosalala bwino, koma ambiri owakonda anachikana poti moto wa magitala awo unazirala. Zimveni zonse ziwiri motsatizana, pa voliyumu imodzi. Ndi sukulu yokwanira pa nkhani ya kajambulidwe.

Za mawu a nyimbo tisachulukitse. Ife tinazolowera kufunsa uthenga, ndipo pa reggae, gospel ndi sungura funsolo n'loyenera. Pa rock ndi indie mawu a woimba nthawi zina amangokhala chida china pakati pa zinzake, moti kusamveka kwa liwu lililonse si kulephera. Werengani mawuwo pomvetsera kachiwiri, osati koyamba.

Polemba maganizo anu, kaya pa Facebook kaya pagulu la WhatsApp, mawu 150 mpaka 200 akwana. Tchulani dzina la chimbale, chaka ndi chiwerengero cha nyimbo. Kenako nenani chigamulo chanu m'chiganizo chimodzi, n'kuchichirikiza ndi malo awiri enieni ochokera papepala lija. "Chimbalechi n'chabwino kwambiri" sichithandiza munthu. "Nyimbo zitatu zoyamba zikuthamanga liwiro limodzi, moti yachinayi ikamabwera khutu latopa kale" ndi mawu oti wina angapite kukawayesa, n'kukutsutsani ngati akufuna. Tchulani nyimbo yofooka ngakhale pa chimbale chomwe mwachikonda, ndi yamphamvu pa chomwe chakukhumudwitsani. Siyanitsaninso "si nyimbo za mtima wanga" ndi "sanaimbe bwino", chifukwa munthu wosakonda heavy metal akhoza kuvomereza kuti woimba ng'omayo sanaphonye ngakhale kamodzi.

Ngati mukupereka malikisi pa 10, yambani mwakhazikitsa chimbale chomwe kwa inu ndi 10 ndi china chomwe ndi 5, apo ayi chilichonse chidzangokhala 8. Lembaninso tsiku lomwe mwagamula ndi chomwe munamvera, mahedifoni kapena sipika ya m'nyumba, kuti mukadzachibwerera pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudziwe ngati chasintha ndi khutu lanu kapena chipangizo.